Kuperekeza Mawu a Malemu Emeliya

KOMITI YA WAYILESI YA PAKHONDE, LWENDULU, WANKIE

Tsiku: Lamulungu, 14 September 1975
Malo: Kachipinda ka makina, kuseri kwa holo

Opezekapo:
Bambo Laiton Matewere, wapampando
Bambo Obedi Kachingwe, mlembi
Bambo Antonio Jusa, woyang'anira makina ndi mawaya
Mayi Tecla Nangozo, mtsogoleri wa amayi oimba
Mayi Elinah Chikafa, wowerenga ndakatulo

Mlendo: Bambo Raphaeli Chisale a ku Madumabisa, mlongo wa malemu

Opepesa: Bambo Kingston Mpasu, ali pa shifiti ya masana

Osapezekapo: Mayi Emeliya Kachingwe (Nachisale), muulutsi, mkazi wa mlembi. Anamwalira pa 13 August. Mlembi sanadziwe mzere woyenera dzinali, choncho analiika pano.

1. Kutsegula

Msonkhano unayamba 2 koloko itangopitirira. Mayi Tecla anapemphera mwachidule. Wapampando analandira mlendo ndipo anapempha onse kuimirira mphindi imodzi. Kunkatentha. Pa mphindi imeneyo munkangomveka mabogi a sitima ya malasha akugundana kutali.

2. Zolembedwa za msonkhano wa pa 10 August

Mlembi anapepesa kuti sanazikopere bwino m'buku. Anati atakhala pansi kuti alembe za msonkhanowo, dzanja linalemba tsiku lonse. Wapampando anati awerenge zomwe zilipozo. Mlembi anawerenga motere:

"Kunacha ndi mphepo. Mayi a Letty, mkazi wanga, anasesa fumbi la malasha pakhonde kawiri, kachitatu anataya tsache, nati fumbi la ku Wankie silimva. Tikukonzeka kupita kutchalitchi anaona kuti batani la malaya anga lili lendelende. Analisoka ine ndili chivalire, nditaima ngati mzati, ndipo ulusi anaudula ndi mano. Unali ulusi womaliza pa kamtengo kake kokulungapo ulusi. Kamtengoko anakaponya m'thumba langa nati ndikataye.

"Titaweruka tinagula masawu kwa mayi wina wa Chinambya pafupi ndi mpopi. Anali otsekemera. Tinadya tikuyenda, iye akulavulira nthanga m'dzanja chifukwa ankati mkazi wa mlembi salavula pamsewu.

"Msonkhano unayamba 2 koloko. Mfundo zinali zitatu. Yoyamba: waya wa kumlambe walendewera ndi mphepo, a Antonio aukweze. Yachiwiri: Mayi Emeliya anadandaula kuti akanena odi, a Antonio amafulumira kuika nyimbo anthu asanayankhe. Komiti inagwirizana kuti pazikhala chete mpaka muulutsi atawerenga khumi chamumtima. Yachitatu: popeza sabata yotsatira muulutsi adzakhala ku Bulawayo kokaona mwana wathu Letty, pulogalamu ya tsikulo ijambuliridwetu pa tepi.

"Anajambula msonkhano utatha. Zenera linkamenyeka ndi mphepo, ndiye anandiuza kuti ndiligwire. Ndinaligwira ola lathunthu. Asanayambe ananditembenukira nati, 'Bambo a Letty, musapume mokweza, makinawa amamva.'

"Tinabwerera kunyumba tikuyenda pansi pa waya. Panali njiwa zisanu. Iye anati ndi omvera athu okhulupirika, sadandaula. Lolemba mutu unamupweteka. Lachiwiri tinapita naye kuchipatala. Lachitatu mbandakucha anatisiya."

Wapampando anati zimenezi si zolembedwa za msonkhano monga tinazizolowera, koma mulibe bodza. Mayi Tecla anati bodza lilimo limodzi: masawuwo anali owawasa, iwonso anagula kwa mayi yemweyo. Mlembi anati iye analemba momwe anawamvera. Zolembedwazo zinavomerezedwa popanda kusintha.

3. Zomwe zinachitika pa 7 September

Popeza mlendo amakhala ku Madumabisa kumene waya wathu safika, wapampando anayamba wafotokoza za wayilesiyi. Anati inabadwa itachitika ngozi ya mumgodi mu June 1972. Masiku amenewo wayilesi zazikulu zinkanena chiwerengero cha anthu, pamene amayi a kuno ankafuna maina, ndi nyimbo zolirira maina amenewo m'chilankhulo cha kwawo. Ya ku Blantyre imamveka mwa apo ndi apo, ngati munthu wolankhula kutsidya kwa mtsinje wodzaza. Choncho a Antonio analumikiza mawaya otayidwa, namangirira masipika asanu ndi imodzi pamitengo kuyambira paholo mpaka pamlambe wa kumapeto kwa komboni. Timaulutsa ola limodzi, Lamulungu lililonse 5 koloko: nyimbo, ndakatulo, zilapi ndi zidziwitso. Za nkhondo sitikhudzako, ndi momwe akuluakulu a mgodi anatilolera.

Wapampando anati lamulo la odi analiika ndi malemu. Ankati wayilesi zazikulu zimangolowa m'nyumba za anthu ngati nkhuku, koma yathu idzayamba yaima pakhomo. Zaka zitatu wakhala akunena "Odi kuno!" ndipo Lwendulu yense amayankha "Odini, lowani!" aliyense pomwe ali.

Bambo Raphaeli anati zonsezo akuzidziwa, iwo sanabwerere mbiri.

Bambo Antonio anapereka lipoti lawo ataimirira, chipewa chili m'manja. Anati chiyambire maliro makina anali ovundikira ndi nsalu ndipo palibe anawakhudza. Pa 7 September, tsiku lomwe komiti inati wayilesi iyambirenso, anafika 5 koloko itatsala pang'ono. Anafuna kungoyesa ngati moto ukufika. Anaiwala kuti tepi ya pa 10 August inali chimangire pamakina, ndiponso kuti waya wa masipika unali wolumikiza. Atangodina, mawu a malemu anatuluka m'masipika onse.

"Ndinauma, a tcheya," anatero. "Dzanja ili linakana. Pamene ndinkazula waya pakhoma n'kuti atanena kale odi, atadikira, atayamba kupereka moni."

Wapampando anafunsa kuti mawuwo anamveka nthawi yaitali bwanji. A Antonio anati mwina theka la mphindi. Anadulira pakati pa mawu akuti "mwaswera".

Mayi Elinah anati iwo anali pampopi, pamzere wa amayi pafupifupi makumi awiri. Odi atamveka, onse anayankha pamodzi monga mwa masiku onse, ena osadzutsa n'komwe mutu. Iwonso anayankha. Kenako panali zii, madzi akusefukira m'ndowa, mpaka mayi wina anakuwa kuti, "Mayo, talowetsa wakufa!" Ndowa zinatsala pomwepo. Anati sabata yonseyi anthu akhala akuwaza mchere pamakomo, ndipo masipika anayi atsekedwa kukamwa ndi masaka. Ena akuti akumamva munthu akusesa pakhonde m'mawa.

Bambo Antonio anati wosesayo ndi mphepo. Mayi Tecla anati a Antonio asiye kaye kufotokoza zinthu, afotokoza zokwanira sabata ino.

4. Pempho la Bambo Raphaeli lokhudza tepi

Bambo Raphaeli anati iwo monga mwini mbumba anagawa katundu wa mlongo wawo tsiku lometa, monga mwa mwambo. Zovala zinachapidwa n'kuperekedwa kwa abale, mphasa inatenthedwa. Koma palibe anawauza kuti mawu ake anatsala m'kabokosi. Anati chinthu chimene sichingachapidwe kapena kugawidwa chimatenthedwa, choncho akupempha tepiyo. Anabwera ndi mafuta a nyale m'botolo, ndipo analiika pathebulo.

Wapampando anapempha kuti botolo liikidwe pansi, patali ndi makina. Linaikidwa.

Mayi Elinah anatsutsa m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chindebele. Anati tepiyo isungidwe ndipo izimveka chaka ndi chaka. "Kanti wayilesi ya ku Salisbury siyimba nyimbo za anthu akufa tsiku ndi tsiku? Ndani amathawa? Ndani amawaza mchere?"

Bambo Raphaeli anayankha kuti, "Mwana iwe, akufa a ku Salisbury sanena odi pakhomo pako. Ndipo iwe suwauza kuti alowe."

Mayi Elinah anati "Hayi bo," ndi mawu ena a Chindebele amene mlembi sanalembe.

Bambo Antonio anati cholakwa ndi chawo, ngati pali choti chitenthedwe atenthe chipewa chawo, koma tepi ndi yosowa masiku ano ndipo komiti ili nazo zitatu zokha. Bambo Raphaeli anati iwo akunena za mzimu wa mlongo wawo, a Antonio akunena za pulasitiki.

Wapampando anati pali munthu mmodzi amene sanalankhulepo, napempha mlembi kuti aike cholembera pansi. Mlembi anati akaika pansi palibe adzalembe. Wapampando anati adzalemba pambuyo pake, mutu ali nawo.

Mlembi anafunsidwa kumene anali pa 7 September. Anati anali pakhonde la nyumba yake, akupukuta nsapato. Anafunsidwa ngati anamva. Anati anamva. Anafunsidwa ngati anayankha. Anati anayankha, ndiponso anaimirira n'kukokera mpando wina pafupi ndi khomo. Anati mpandowo ukadali pomwepo, ndipo chichokere tsikulo chitseko sanachikhomepo, amangochitsekera ndi njerwa.

Bambo Raphaeli anati, "Mwamva? Alamu anga akutha. Ndipatseni tepiyo."

Mlembi anafunsidwa maganizo ake pa pempholo. Anati alibe chithunzi cha mkazi wake kupatula cha pachitupa, chomwe sichifanana naye. 

Apa Mayi Tecla anapempha kulankhula. Anati aliyense akudziwa kuti iwo ndi malemu sankamwerana madzi. Zaka zitatu akhala akulimbirana kuti ayambitse nyimbo ndani, ndipo sakubweza mawu awo oti Nachisale ankakoka nyimbo ngati ngolo yokwera phiri. Koma anati amuna awo anatsalira mumgodi mu 1972, mtembo sanauone, ndipo akudziwa chomwe chimavutitsa nyumba. Si munthu amene walowa ayi, koma amene sanatsanzike.

"Nachisale sanathyole chitseko," anatero. "Anaima pakhomo, ananena odi, ife tinati lowani. Mpaka apo palibe mlandu. Mlandu ndi wa Mpwitikizi wathuyu, amene anam'tseka pakamwa moni ali pakati. Mlendo wotero atuluka bwanji? Inu a Chisale mukatentha tepiyo lero, ndiye kuti mwam'tsekera m'nyumba zathu mpaka kalekale."

Bambo Antonio anapempha kuti zilembedwe kuti iwo si Mpwitikizi, kwawo ndi ku Tete. Zalembedwa.

Mayi Tecla anafunsa ngati pa tepiyo malemu anatsanzika. A Antonio anati sakudziwa, pojambula anangoyatsa makina n'kupita kukakweza waya wa kumlambe. Onse anayang'ana mlembi. Mlembi anati anatsanzika.

Bambo Raphaeli anayang'ana botolo lawo. Kenako anati kwawo mlendo akatsanzika amaperekezedwa, sangomuyang'ana ali chikhalire. Mayi Tecla anati kwawonso n'chimodzimodzi.

Zogwirizana:
(a) Tepi imveke lero 5 koloko, kuyambira pa odi mpaka pamapeto, popanda woikhudza.
(b) Wapampando, Mayi Tecla ndi Mayi Elinah azungulire mizere yonse ya nyumba kuuza anthu, ndi kuchotsa masaka m'masipika.
(c) Tsogolo la tepi likambidwe ikatha kumveka. Bambo Raphaeli anati pempho lawo likadalipo.

Msonkhano unaimitsidwa 4 koloko itatsala mphindi khumi.

5. Kuulutsa

Wapampando analamula kuti gawo ili lilowe m'buku ngakhale kuti msonkhano unali utaimitsidwa.

M'kachipinda munatsala Bambo Antonio, Bambo Raphaeli ndi mlembi. A Antonio anabweza tepi poyambira, napukuta makina ndi mpango wawo. Mphepo inayambanso ndipo zenera linamenyeka. Palibe anamuuza mlembi chochita. Anapita kukaligwira.

Kuchokera pazenerapo waya amaoneka akuyenda mtengo ndi mtengo pamwamba pa madenga, mpaka kuzimirira mu utsi wa kumauvuni a malasha. Anthu anali atatuluka pamakonde. Ena anavala za kutchalitchi. Amuna ochokera ku shifiti anaima pamsewu zisoti zili m'manja, nkhope zakuda bii, maso okha akuyera. Fumbi linali lendelende m'mwamba, dzuwa litalifiiritsa, moti komboni yonse inkaoneka ngati ili pansi pa madzi.

5 koloko a Antonio anadina.

"Odi kuno!"

Kenako kunabwera kudikira kuja. Kunja anthu anangomva chete, koma ife a m'kachipinda, pokhala pafupi ndi makina, tinamva zomwe zili m'kati mwake. Muli kulira kwa zenera. Muli munthu wina akupuma mokweza ngakhale anauzidwa kuti asatero. Ndipo chakumapeto muli kampweya kotuluka m'mphuno, ka munthu amene akudziletsa kuseka.

Poyamba palibe anayankha. Mlembi anawerenga chamumtima mpaka zisanu ndi chimodzi. Pamenepo mawu a Mayi Tecla anamveka kuchokera kumpopi, okwera kwambiri monga mwa nthawi zonse: "Odini Nachisale, lowani!" Mzere woyamba unatsatira, kenako wachiwiri, yankho likuyenda ndi waya mpaka linamveka pang'onopang'ono kuchokera kumlambe. Bambo Raphaeli anayankha ali chogwada.

Malemu anapereka moni mpaka kumaliza. Anafunsa ngati odwala adzuka, ngati a shifiti ya m'mawa atuluka onse. Anaimba nyimbo ya pamtondo ya kwawo ku Dedza, akumenya thebulo ndi chikhatho m'malo mwa musi, ndipo amayi a pamakonde anapolokozana naye. Anawerenga ndakatulo ya bambo wina wa mzere wachinayi yonena za mvula imene imagwa kumudzi iye ali pansi pa nthaka. Anaponya zilapi zitatu, nasiya mpata, ndipo anthu anayankha ziwiri. Chachitatu palibe anachidziwa, malemu anati yankho adzapereka akadzabwerako. Pamenepo anthu ambiri anaweramitsa mitu.

Pa zidziwitso anati amayi oimba akumane Lachinayi, ndipo anapempha mayi wina amene sam'tchula dzina kuti asamayambitse nyimbo pamwamba ngati akuthamangitsa akabawi. Mayi Elinah akuti pampopi anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo Mayi Tecla anakuwa kuti, "Mwamumva? Ngakhale ali uko sakundisiya!" Atatero anadziphimba kumaso ndi chitenje.

Mlembi sangathe kunena kuti olalo linatenga nthawi yaitali bwanji. Nthawi ina anaona ngati ndi August ndithu, ndipo akatembenuka apeza munthu pampando wa muulutsi atavula nsapato. Sanatembenuke. Njiwa zinabwera kudzatera pawaya. Sanaziwerenge.

Pomaliza malemu anati: "Dzuwa lapendeka, eni nyumba. Ndacheza mokwanira. Bambo a Letty mkono watopa ndi zenera, ndiwamasule. Ine ndapita, tsalani bwino."

Lwendulu yense anayankha kuti, "Pitani bwino!"

Tepi inafika kumapeto n'kumakupiza pamakina. A Antonio sanaikhudze mpaka Bambo Raphaeli atawagwedezera mutu.

Anthu anatsika pamakonde popanda wowauza. Anayenda pansi pa waya, mwakachetechete, ena atanyamula ana, monga timachitira poperekeza mlendo wopita kukakwera sitima. Anadutsa sipika ya pampopi, ya patchalitchi, ya pochapira, mpaka pamlambe pamene waya amathera. Kupitirira apo ndi njira ya kumanda. Anaima pamenepo pang'ono. Mayi Tecla anayambitsa nyimbo, ndipo anaiyambira pansi. Kenako aliyense anabwerera kwawo. Masaka aja anatsala ataunjikidwa patsinde pa mlambe.

6. Tsogolo la tepi

Msonkhano unayambiranso 6 koloko itapitirira mphindi makumi awiri.

Wapampando anafunsa Bambo Raphaeli ngati pempho lawo likadalipo. Iwo anati mlongo wawo watsanzika ndipo waperekezedwa, sayenera kuitanidwanso. Akanenanso odi chaka chamawa, ndiye kuti tam'bweza panjira. Koma anati machesi sawayatsa okha, mawu omaliza akhale a alamu awo.

Mayi Elinah anapempha mlembi kuti aganize bwino. Anati tepi ikhoza kutsekeredwa m'bokosi, osaulutsidwa, mlembi n'kumabwera kudzaimvera yekha.

Mlembi anathokoza. Anati akudzidziwa: akanabwera Lamulungu lililonse, kenako tsiku lililonse, ndipo mpando uja sukanachoka pakhomo. Anati mkazi wake wanena yekha kuti am'masule pazenera. Choncho anapempha kuti tepi isatenthedwe, koma ifufutidwe, ndipo pajambulidwe pulogalamu ya sabata yamawa. Anati malemu sankataya ngakhale kansalu kotsala posoka, sangakondwe kuona tepi yabwino ikupsa.

Bambo Raphaeli anafunsa a Antonio ngati mawu ofufutidwa amabwereranso. A Antonio anati sabwerera. Bambo Raphaeli anavomera.

Wapampando anafunsa kuti odi azinena ndani tsopano. Mlembi anatchula Mayi Tecla. Mayi Tecla anati sangathe, mawu awo ndi othamangitsira akabawi, zanenedwa pamaso pa komboni yonse. Mlembi anati malemu ankanena kunyumba kuti mu Lwendulu muli anthu awiri okha odziwa kuimba, ndipo winayo ndi wamakani. Mayi Tecla anafunsa ngati zimenezo ndi zoona kapena ndi za masawu zija. Mlembi anati ndi zoona. Mayi Tecla anavomera, koma anati iwo aziwerenga mpaka khumi ndi ziwiri, chifukwa a kumlambe amachedwa kuyankha.

Mlembi anapempha chinthu chimodzi: kuti asanafufute, a Antonio am'dulireko kachigawo kaja ka pakati pa odi ndi moni. Bambo Raphaeli anafunsa kuti mulinji m'menemo. Mlembi anati mulibe mawu, ndi pamene ankadikira. Bambo Raphaeli, amene anali m'kachipinda pamene kachigawoko kankamveka, anayang'ana mlembi, kenako anati, "Ngati mulibe mawu, alamu, ine ndilibe nako mlandu."

A Antonio anadula ndi lezala n'kulumikiza mbali zotsalazo. Kachigawoko kanatalika kuyambira kunsonga ya chala mpaka paphewa. Atatero anayatsa makina ofufutira, masipika atazimitsa. Komiti inadikira mpaka tepi yonse inadutsa. A Antonio anaibweza n'kuiyesa. Munali mphepo yokhayokha.

Zogwirizana:
(a) Mayi Tecla ndiwo muulutsi kuyambira pa 21 September.
(b) Makina asavundikiridwenso tepi ili chimangire.
(c) Chilapi chachitatu chiponyedwenso sabata yamawa, mwina wina angachidziwe.

7. Zina ndi zina

Bambo Raphaeli anapereka mafuta a m'botolo aja kuti akhale a nyale ya m'kachipinda.

Mlembi anaulula kuti tsiku lometa sanatulutse katundu yense wa malemu. Anabisa chitini cha masikono chomwe chinali pansi pa bedi, ndipo lero anabwera nacho m'chikwama cha mabuku a komiti, asakudziwa chimene achite nacho. Anapepesa kwa Bambo Raphaeli. Iwo anati anadziwa, chifukwa mlongo wawo sakanakhala wopanda duku la Lamulungu.

Mlembi anatsegula chitinicho pathebulo n'kugawa motere. Duku lobiriwira anapereka kwa Bambo Raphaeli kuti likafike kwa Letty ku Bulawayo. Kope lomwe malemu ankalembamo nyimbo za pamtondo ndi zilapi zomwe anatola kwa amayi a m'komboni anapereka kwa Mayi Elinah, amene analonjeza kuti aziwerenga m'Chichewa osasakaniza. Buku la nyimbo za kutchalitchi anapereka kwa Mayi Tecla. Lumo anapereka kwa Bambo Antonio, oti azidulira tepi m'malo mwa lezala lometera ndevu. A Antonio anakana kawiri, kachitatu analandira ndi manja awiri. Chitini chopanda kanthu chinatsala cha komiti, chosungiramo matepi kuti asalowe fumbi.

Wapampando anafunsa kuti nanga mlembi watsala ndi chiyani. Mlembi anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kamtengo kokulungapo ulusi kaja, kamene anauzidwa pa 10 August kuti akataye. Anakulungapo kachigawo ka tepi, pang'onopang'ono kuti kasapindike, n'kukabwezera m'thumba. Anati akafika kunyumba alowetsa mpando ndipo njerwa aibwezera pamulu.

Wapampando anafunsa ngati zimenezi ziyenera kulowa m'buku. Palibe anatsutsa.

8. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Lamulungu pa 12 October, 2 koloko masana, malo omwewa. Bambo Antonio analonjeza kuti pofika tsikulo adzakhala atakonza chotsekera zenera, kuti pasafunikenso munthu woligwira.

Bambo Raphaeli anatseka ndi pemphero. Msonkhano unatha 8 koloko itatsala mphindi zisanu.

Laiton Matewere
Wapampando

Obedi Kachingwe
Mlembi